Achimwene, WhatsApp si yankho la chilichonse

Pali kafunso kena kamene kamandiwawa mumtima, ndipo sabata yathayi ndakamvanso. Anyamata okonza mafoni ndi mawailesi pamsika wa ku Insaca anaimitsa mlendo wina amene ankapita ku Malawi kudzera pa Entre-Lagos, kuti awaonetse zimene amakonda kuchita akaweruka kuntchito. Mlendoyu ndi mmodzi wa anthu olankhulana pa wailesi mongokonda, osafunapo malipiro, amene amatchedwa ma radio amateur. M'chikwama anatulutsa kawailesi ka m'manja konga ka alonda, ndi eriyo yopanga yekha: kapaipi ka pulasitiki komwe anamangirirapo mopingasa zidutswa za tepi yoyezera ya akalipentala.

Anatiuziratu mphindi imene International Space Station itulukire, ndi mbali yake. Nthawi itakwana analoza eriyo ija kumwamba kumene ife sitinkaonako kanthu, n'kumaitembenuza pang'onopang'ono. Phokoso la m'wailesi linazilala, ndipo tinamva bwinobwino mawu a munthu wa ku South Africa akutchula nambala yake yodziwikira pa wailesi. Mlendo wathu anayankha ndi yake, yoyamba ndi C9, chizindikiro cha Mozambique. A ku Malawi yawo imayamba ndi 7Q.

Apa m'pamene bambo wina, ali chikhalire panjinga yake yamoto, anati: "Achimwene, mukuvutikiranji? WhatsApp ilipo." Anthu anaseka, ena n'kuyamba kubalalika.

Tiyeni tione kaye chimene bamboyo anachipeputsa. Sitesheni imeneyi ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi, imathamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, ndipo imazungulira dziko lonse m'mphindi 90 zokha. Ikamadutsa pamwamba pathu imapezeka kwa mphindi khumi kapena kucheperapo. M'katimo muli wailesi yolandira mawu pa 145.990 MHz n'kuwabweza pansi pa 437.800 MHz. Koma ukangotchera pa nambala imeneyo n'kukhala, mawu amakuthawa. Tonse a kuno timadziwa kulira kwa sitima ya malasha yochokera ku Moatize: ikamabwera hutala yake imamveka yokwera, ikadutsa imatsika. Mafunde a wailesi amachitanso chimodzimodzi, choncho mlendo uja ankayamba kumvera pamwamba pang'ono pa nambalayo n'kumatsitsa sitesheni ikamapita. Dzanja limodzi pa eriyo, lina pa wailesi, khutu lili tcheru. Panalibe mayunitsi, panalibe nsanja ya netiweki, panalibe intaneti.

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mwambi umenewu ndimaukonda chifukwa sunena kuti mlendo ndi wanzeru kuposa eni mudzi. Ukunena kuti ali ndi kachida kamene inu mulibe, ndiye mubwerekeni mumetere asanapite. Ife kalumo tinakaona, koma ambiri tinasankha kuseka.

Mukudziwa inunso kuti vutoli silinayambe lero. Mwana wa kuno amapanga galimoto ya mawaya yokhota ndi chiwongolero, amalumikiza mabatire akutha kuti ayatse kababu, koma tsiku limene watsegula wailesi ya bambo ake kuti aone kumene mawu akuchokera, amalandira chikwapu. Akafika kusekondale, za mafunde ndi magetsi amazikopera pabolodi, n'kumaliza sukulu asanagwirepo waya ndi chowotcherera. Amisiri okonza mawailesi amene tinkawapeza pakhonde la sitolo iliyonse akutha, chifukwa chinthu chikafa timataya n'kugula china. Tazolowera kugula mawu athu omwe ndi mayunitsi, mpaka tayamba kuganiza kuti kulankhula ndi munthu wakutali n'chinthu chimene kampani yokha ingatipatse.

Chikhalirecho ntchito ya masetilaiti a ma amateur inayambidwa ndi anthu wamba. Setilaiti yawo yoyamba, OSCAR 1, anaipanga anthu okonda wailesi ku California panthawi yawo yopuma, ndipo inaulutsidwa mu Disembala 1961, patangopita zaka zinayi chiulutsireni Sputnik, setilaiti yoyamba padziko lonse. Ina yotchedwa AO-7 inapita mu 1974, inakhala chete mu 1981 mabatire atafa, kenako mu 2002 inamvekanso ikuyendera mphamvu ya dzuwa basi.

Tsono bambo wa njinga yamoto uja ndikanakonda atakumbukira mwezi wa Malichi. Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai anasiya mzinda wa Beira wopanda magetsi ndi foni kwa masiku. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy analowera cha ku Quelimane n'kusakaza Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, tsidya lina la nyanja ya Chilwa pompa. Boma lathu la Mecanhelas lili m'chigwa, pafupi ndi Chilwa ndi Chiuta, ndipo mvula ikakula msewu wa ku Cuamba tonse timaudziwa mmene umakhalira. Nsanja ikagwa kapena jenereta yake ikatha mafuta, WhatsApp ija imathera pomwepo.

Inde, mphindi khumi za sitesheni yodutsa sizingakwanire pa nthawi ya ngozi. Koma kuyambira mu Novembala 2018 kumwamba kuli setilaiti ya dziko la Qatar yotchedwa Es'hail-2, imene inanyamula wailesi ya ma amateur yodziwika kuti QO-100. Iyi siyendayenda m'maso mwathu. Imakhala malo amodzi usana ndi usiku, ndipo imafikira dera loyambira kum'mawa kwa Brazil mpaka Thailand, kuphatikizapo Africa yonse. Kuti uimve, dishi yonga ya TV imene ili padenga la mashopu ambiri imakwanira, pamodzi ndi kachipangizo kolandirira. Kuti ulankhulepo pamafunika chotumizira mawu pa 2.4 GHz, batire, sola, ndi laisensi yochokera ku INCM, bungwe loyang'anira za mauthenga kuno, monga momwe anzathu a ku Malawi amatengera ku MACRA.

Anyamata atatu kapena anayi sanachoke pamene ena ankabalalika. Anagwira eriyo ija, n'kumayeza kutalika kwa chidutswa chilichonse cha tepi ndi kulemba manambala kuseri kwa katoni. Amenewo ndiwo ndikupempha aphunzitsi a sayansi ndi akuluakulu oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'boma lino kuti awafunefune, awathandize kupeza laisensi, ndipo awapatse chipinda chimodzi pasukulu choikamo dishi ndi batire mvula ya chaka chino isanayambe.