Bo-Kaap: Nyumba Zatsopanozi N'zayani?

Lamulo la South Africa la mu 1999 loteteza malo a mbiri limaletsa kugwetsa nyumba yopitirira zaka 60 popanda chilolezo. Vuto lagona pa chilolezocho, pakuti mwini chuma ndiye amatha kulemba ntchito maloya ndi akatswiri omusulira zifukwa zochipezera.

Ku Bo-Kaap, mumzinda wa Cape Town, kumene kuli mzikiti wa Auwal wa mu 1794 ndi zidzukulu za akapolo, khonsolo inakhazikitsa chitetezo cha deralo mu 2019, itavomereza kale nyumba zosanjikizana m'mphepete mwake. Amalonda amati anthu akusowa pogona. N'zoonadi, koma wosowa pogonayo sangakwanitse mtengo wa zipinda zawozo, ndipo eni mudzi amangotsala ndi msonkho wokwera umene umasamutsa mabanja mwakachetechete.

District Six inalengezedwa kukhala ya azungu mu 1966 ndipo inagwetsedwa ponamizira uve. Anthu oposa 60,000 anachotsedwa, malo ambiri n'kusanduka bwinja kwa zaka zochuluka. Akuluakulu a mapulani a mizinda asanasainire chilolezo chogwetsa nyumba, ayenera kunena poyera amene adzagonamo m'nyumba zolowa m'malozo.