Musapume Mumtima Kalata Isanabwere

Lero ndikulankhula ndi inu amene mwatsala pang'ono kupuma pa ntchito: aphunzitsi, anamwino anzanga, alangizi a zaumoyo, apolisi, alembi a m'maofesi, madalaivala. Makamaka inu amene mwasankha kupuma msanga, zaka 60 zisanakwane, ndipo tsopano mukungowerenga masiku pa kalendala.

Miyezi ingapo yapitayo kunabwera bambo ena, aphunzitsi a ku pulayimale, kudzayezetsa BP. Inali 158/98. Nditawafunsa ngati akugona bwino, anaseka n'kunena kuti, "Anesi, ine ndatsala ndi zaka ziwiri basi. Kusukulu ndimangopita kukasaina. Mtima unapuma kalekale." Nambala zawo ndinazilemba m'buku lawo la kuchipatala, koma mawu amenewo ndinapita nawo kunyumba. Zaka ziwiri ndi masiku oposa 700. Munthu angadzuke m'mawa ka 700 kupita kumalo amene mtima wake unachokako, thupi lake osadwala?

Maganizo anga ndi awa: zaka zomaliza pa ntchito zili ndi ntchito yakeyake, ndipo munthu akaizindikira ntchitoyo mphamvu zimabwerera. Ntchito yake ndi kusiyira ena zimene ukudziwa.

Ndifotokoze ndi zimene timachita ife ku wodi. Pa shifiti ya usiku, nthawi yovuta kwambiri ndi ya m'bandakucha. Maso alemera, msana ukuwawa, maganizo ali kale pa bedi la kunyumba. Koma ndi nthawi yomweyo imene umayenera kuzungulira odwala onse, kuyeza, kulemba, ndi kukonzekera handover. Anzako a m'mawa akafika umawauza kuti mayi wa pa bedi lachitatu magazi sanasiyiretu kutuluka, mwana wa pakona wakana kuyamwa kawiri, agogo aja asanza mankhwala awo. Ungagwire bwino usiku wonse, koma ukapereka handover yosakwanira, wodwala akhoza kutisiya 10 koloko m'mawa iwe uli m'tulo. Zaka zanu zomaliza pa ntchito ndi m'bandakucha umenewo. Kutopa kulipo, palibe akutsutsa. Koma handover sinachitike.

Kuno ku Chiradzulu nkhaniyi ndi yaikulu kuposa mmene tikuionera. M'chaka cha 2001, bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV pa chipatala chachikulu cha boma lino, pamene m'madera ambiri a dziko lino mankhwalawa anali nkhani yongomva. Boma linayamba kupereka ma ARV aulere m'dziko lonse mu 2004. Kenako chithandizochi chinafika ku zipatala zazing'ono monga Namitambo, Namadzi, Mbulumbuzi ndi Thumbwe, ndipo anamwino ndi alangizi a zaumoyo anapatsidwa ntchito zimene kale ankagwira madokotala okha. Anthu amene anali achinyamata nthawi imeneyo lero adutsa zaka 20 akugwira ntchito, ndipo m'boma munthu akagwira zaka 20 amatha kupempha kuti apume. Ndiwo amene akuwerenga masiku panopa.

Anthu amenewa anaona mawodi atadzaza odwala Edzi ndi TB mankhwala asanafale. Anaphunzira kulankhula ndi munthu amene wangomva kuti ali ndi kachilombo pa nthawi imene aliyense ankati basi, kwatha. Anadutsa mu COVID-19 kuyambira 2020, mu kolera wa 2022 ndi 2023, ndi mu namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, pamene matope ndi miyala zinatsika m'mapiri n'kukwirira nyumba za anthu m'boma lathu lino. Amadziwa chochita magetsi akazima mayi ali pakati pobereka. Amadziwa mfumu yoyamba kuiona ukafuna kuti mudzi ubwere ku katemera. Zimenezi sitinaphunzire ku koleji. Akachoka nazo osatiuza, tidzaziphunzira pa thupi la odwala. Chimodzimodzi kusukulu, kupolisi ndi ku ofesi ya zaulimi.

Ndikudziwa zimene ena munene. "Iwe mwana wa zaka za m'ma 30, ukudziwa chiyani za kutopa?" Zoona, sindinafikepo pamenepo, ndipo ndikulankhula mwaulemu ngati mwana wanu. Koma ndine amene ndidzatsale ndi wodi mukapita, choncho nkhaniyi ikundikhudza. Ena munena kuti, "Tidziphere chiyani? Malipiro satha mwezi, ogwira ntchito ndi ochepa, kukwezedwa kunatidutsa." Izinso ndi zoona. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense wolandira malipiro a pamwezi anamva kuwawa, ndipo ndalama imene munkaiwerengera kuti idzamanga nyumba mukapuma inachepa mphamvu. Kukhumudwa kwanu kuli ndi chifukwa. Sindikukupemphani kuti muzigwira maola owonjezera kapena muzikana tchuthi. Ndikungoti mkwiyo wa kwa olemba ntchito usagwere mwana wa Sitandade 2 kapena mayi woyembekezera amene wayenda wapansi kuchokera kutali. Iwowo sanakulakwireni.

Ndipo kugwira ntchito mtima utachoka kumapweteka inu nomwe. Mu 2019, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linafotokoza za kutopa kobwera chifukwa cha ntchito, kumene pa Chingerezi amati burnout. Zizindikiro zake ndi zitatu: kumva kuti mphamvu zatheratu, kuyamba kuipidwa ndi ntchito kapena kusalabadira anthu amene ukuwatumikira, ndi kuona kuti palibe chaphindu chimene ukuchita. Munthu wotere tulo timavuta, mutu umawawa pafupipafupi, sachedwa kupsa mtima kunyumba, ndipo ena amathawira ku mowa. Pa msinkhu wa zaka za m'ma 40 ndi 50, pamene BP ndi shuga zimakonda kuyamba, zimenezi ndi kuthira parafini pamoto. Mukufuna kupuma msanga kuti mukasangalale. Musafike pa tsikulo mutatha kale.

Pali ngozi inanso. Munthu amene wasiya kusamala ndi amene amalakwitsa. Kuchipatala china kumene ndinagwirako ntchito, sisita wina wodziwa ntchito kwambiri, atatsala ndi miyezi yochepa, anayamba kulemba BP ya amayi a sikelo mongoyerekeza mzere ukatalika. Tsiku lina mayi amene analembedwa kuti ali bwino anabweranso madzulo ake akudandaula mutu ndi kusaona bwino, nkhope itatupa. Tinamuthandiza ndipo anachira, mwana anabadwa wamoyo. Koma sisita uja analira mu ofesi. Anati, "Zaka zonsezi ndagwira bwino, ndikanathera pamenepa." Mbiri ya zaka 25 ikhoza kuwonongeka m'mawa umodzi, ndipo mlandu wa pa ntchito ukhoza kusokoneza kapumidwe kanu.

Ndiye titani kuti mphamvu zikhalepo mpaka tsiku lomaliza?

Choyamba, sankhani wachinyamata mmodzi kapena awiri oti muwaphunzitse. Musadikire kuti abwana akuuzeni. Namwino watsopano, wophunzira wochokera ku Nguludi amene wabwera kudzaphunzira pa wodi, mphunzitsi amene wangoyamba kumene: muitaneni, agwire inu mukuona, mumukonze mwachifatse. Lembani m'kope zinthu zimene mumadziwa inu nokha. Mudzadabwa kuti Lolemba likuyamba kukhala ndi tanthauzo chifukwa pali wina akukudikirani.

Chachiwiri, sankhani chinthu chimodzi choti muchimalize musanachoke. Chisakhale chachikulu. Kukonza kaundula wa odwala amene anasiya kubwera kudzatenga mankhwala, kubzala mitengo kuseri kwa makalasi, kuonetsetsa kuti ana a kalasi yanu akutha kuwerenga chaka chisanathe. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Kuwerenga zimene mwamaliza kumalimbitsa mtima kuposa kuwerenga masiku otsala.

Chachitatu, konzani mapepala anu panopa. Zambiri zimene timazitcha kutopa ndi nkhawa ya ndalama. Pitani kwa oona za ogwira ntchito mukaone fayilo yanu: kalata yoyambira ntchito ilimo? Makalata okwezedwa alimo? Tsiku lobadwa likufanana ndi la pa chiphaso cha unzika? Maina a odzalandira ndalama zanu mutamwalira ndi olondola? Funsani kuti akuwerengereni ndalama zimene mudzalandire mukapuma msanga, ndi zimene mukanalandira mukanadikira, kuti musankhe mukudziwa. Ndipo chonde, musatenge katapila podalira penshoni imene sinabwere. Ndalamazo nthawi zina zimachedwa, koma chiwongoladzanja sichichedwa.

Chachinayi, yambani pang'onopang'ono zimene mudzachite mukapuma. Ngati ndi ng'ombe ya mkaka, pitani Loweruka mukacheze ndi alimi a m'magulu ogulitsa mkaka, muone mmene chakudya ndi mankhwala a ng'ombe zimadyera ndalama. Ngati ndi nandolo kapena tomato, yesani munda waung'ono chaka chino muone msika wake. Kulakwitsa mudakali pa malipiro n'kosavuta kupirira. Koma zichitike pa nthawi yanu. Kusiya odwala pa benchi kapena ana m'kalasi chifukwa muli ku dimba ndi kuba, ngakhale titakutchula dzina lina. Kwa anamwino anzanga, musasiye kusonkhanitsa mapointi a CPD ndi kukonzanso chiphaso chanu ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Ambiri amene anati sadzagwiranso jakisoni timawapeza akugwira ntchito ya kontirakiti patatha chaka.

Chachisanu, samalani thupi limene mudzapume nalo. Yezetsani BP, ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa pamenepo maulendo angapo, muyenera kuonana ndi achipatala, ndipo mukapatsidwa mankhwala musasiye chifukwa mwayamba kumva bwino. Yezetsani shuga ndi maso. Amayi, kayezetseni khansa ya khomo la chiberekero. Abambo, mkodzo ukayamba kuvuta kutuluka kapena mukamadzuka kambirimbiri usiku, musachite manyazi kunena. Yendani mwandawala mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu pa sabata. Mchere usapitirire supuni yaing'ono imodzi pa tsiku, kuphatikizapo wa m'ndiwo. Tchuthi chanu tengani, ndi ufulu wanu.

Chomaliza, dziwani pamene kutopa kwasanduka matenda. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa mwakhala wokhumudwa tsiku lililonse, palibe chimene chikukusangalatsani ngakhale kunyumba kapena kutchalitchi, chakudya sichikulowa, kapena mukuganiza zodzipha, imeneyo si nkhani yodikira penshoni. Bwerani kuchipatala lero lomwe, ndipo uzani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira. Matenda a maganizo ali ndi chithandizo ngati matenda ena onse.

Mawu awiri kwa ife achinyamata. Tisamawaone akuluakuluwa ngati anthu amene akutitsekera malo. Nthawi zina amangokhala chete chifukwa palibe amawafunsa kanthu. Tikamati "zimenezo ndi zachikale" pa chilichonse chimene anena, tisadabwe akamangosaina n'kukhala pansi pa mtengo. Afunseni. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma ndi bwino kuwamva eni ake adakalipo. Inunso oyang'anira, munthu wotsala zaka ziwiri musamusiye pa maphunziro ndi pa misonkhano ngati wapita kale. Mpatseni udindo wophunzitsa ena.

Aphunzitsi aja anabweranso mwezi watha. BP inali 146/90. Sinafike pamene tikufuna, ndipo tikupitiriza kuwaona. Anandiuza kuti kusukulu kwawo kwabwera mtsikana wongomaliza kumene maphunziro a uphunzitsi, ndipo amupatsa makope awo a masamu a Sitandade 8 amene akhala akulemba kwa zaka zambiri. "Amandivutitsa ndi mafunso mwana ameneyu," anatero, akumwetulira. Masiku akuwerengabe, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma pano akuti Lachitatu lililonse amafika msanga, chifukwa ndi tsiku limene amakonzera limodzi phunziro.

Kupuma msanga si tchimo. Mwagwira ntchito, pitani mukapume, mukalere zidzukulu, mukalime. Pempho langa ndi limodzi: kalata ikamabwera, ikupezeni mutapereka handover.

Ngati muli ndi kholo, mnzanu kapena abwana amene atsala pang'ono kupuma, atumizireni uthengawu. Ndipo inu amene munapuma kale, tiuzeni: chinakulimbitsani mtima n'chiyani m'chaka chanu chomaliza? Khalani athanzi.