Tsiku limene kochi anadzilowetsa yekha m'giraundi

Loweruka lapita nenze mu babashopu ya ku Makeni Villa kudikira kugeledwa, ndiye mkangano unabuka. Mnyamata wina wa timu ya m'komboni anali kudandaula ati kochi wawo amangokuwa chabe pa laini, koma bola sangaiteye. Ba mudala ena amene anali pa mpando anatembenuka, makina akali pamutu. "Iwe mwana, unamuonapo kochi wamene amavula jekete n'kulowa kuchaya chigoli yekha? Ise tinamuona na maso yathu."

Amene ankanena ndi ba Kalusha Bwalya. Ine panthawiyo nenze kamwana, koma nkhani iyi ndaimva kambiri kwa ba malume mpaka ndimakhala ngati ndinalipo. Mu September 2004, Chipolopolo inali kuteya na Liberia pa Independence Stadium, mpikisano wolimbirana malo ku World Cup ya 2006. Nthawi inali kutha, zigoli kulibe. Ba Kalu anali kochi wa timu, zaka 41, koma anaona kuti anyamata ake zawavuta. Anavala jezi, nalowa. Chakumapeto kunabwera free kick, mwendo wamanzere uja unachita zake, 1-0. Lusaka yonse inagona mochedwa.

Kwa inu amene munabadwa mochedwa monga ine, ba Kalu ndi mwana wa ku Mufulira, anabadwa mu 1963. Anatchuka ku Mufulira Wanderers, napita ku Cercle Brugge ku Belgium, kenako PSV Eindhoven. Mu 1988 ku Olympics ya ku Seoul anachaya zigoli zitatu pamene Zambia inakwapula Italy 4-0, ndipo chaka chomwecho anasankhidwa kukhala katswiri wa bola mu Africa yonse. Mu April 1993, ndeke imene inanyamula timu yathu inagwera m'nyanja pafupi na Libreville ku Gabon, anthu onse 30 anafa. Iye sanalimo chifukwa anali kuchokera ku Netherlands payekha kukakumana nawo ku Senegal. Ndiye anatsogolera timu yatsopano mpaka fainolo ya Africa Cup ya 1994, kumene Nigeria inatipambana 2-1.

Manje apa ndiye pali nkhani. Chigoli cha Liberia chinali chokoma, koma kochi sangazilowa m'giraundi sabata iliyonse. Ku World Cup sitinapite, malo anatenga Togo. Ku Africa Cup ya 2006 ku Egypt tinaluza kwa Tunisia na Guinea, tinapambana South Africa chabe, n'kubwerako pa raundi yoyamba. Ba Kalu anatula pansi ukochi. Chikho chimene anachifuna zaka zonse chinabwera mu 2012, ku Libreville komweko, iye ali pulezidenti wa FAZ, pa benchi pali Hervé Renard, munthu amene ali woteya palibe anamudziwa kunja kwa France.

Ndinauza mnyamata uja kuti kuteya na kuphunzitsa ni ntchito ziwiri. Woteya amaganiza na miyendo yake. Kochi afunika kulowetsa nzeru m'mutu mwa anthu 11, wina waulesi, wina wanjala, wina wakangana na chisumbali chake m'mawa. Onani ba Beston Chambeshi. Anateyako bola yabwino ku Nkana, koma dzina lawo silinamveke kunja monga la ba Kalu. Komabe mu 2017 ndiwo anatenga anyamata a Under-20, ba Patson Daka, ba Fashion Sakala na ba Enock Mwepu, napambana nawo chikho cha Africa pa Heroes Stadium, Senegal italira 2-0.

Ndipo dzina la Mwepu ndilo limandipweteka mtima. Mu October 2022, ali na zaka 24 chabe, akuteya ku Brighton mu Premier League, madokotala anamupeza na vuto la mtima lobadwa nalo, bola inathera pomwepo. Patapita miyezi iwiri kilabu yake inamupatsa ntchito yophunzitsa ana ang'onoang'ono ku akademi. Ngati zinachitika kwa Computer, nanga iwe amene uteya pa giraundi ya fumbi ku John Laing kapena ku Kanyama, wopanda inshuwalansi, bondo likathyoka uzachita chiyani?

Sindikukuuza kuti usiye maloto a ku Ulaya. Teya, limbikira, mwina tizakuonera pa TV. Koma ukali na miyendo, yamba kumvetsera chifukwa chake kochi akuchotsa uyu n'kuika uyu. Pempha kuti uzithandiza kuphunzitsa tiana ta Under-12 Loweruka m'mawa. Funsa ku Football House za makosi a ukochi amene FAZ imachititsa, chifukwa masiku ano pa benchi ya Super League amafuna pepala, osati mbiri ya zigoli zako. Na sukulu usaitaye.

Mnyamata uja anangoseka, ati ine nikali mwana, za ukochi ni za madala. Ba mudala aja ananyamuka, nadzikuntha tsitsi pamapewa, nalipira. Ali pakhomo anamuuza kuti, "Na ine n'nali winga, mwana wanga. Manje nigulitsa matayala pa Kafue Road."