Aphunzitsi anzanga, tidzagona kuti tikapuma?



Mwezi watha tinatsanzikana ndi mnzathu wina amene wapuma ntchito atagwira choko zaka zoposa 30. Tinavina, tinapereka mphatso. Koma lole itabwera kudzanyamula katundu m'nyumba ya sukulu, kopita kunalibe. Katundu anakamutula kwa alamu awo. Usiku umenewo tulo sindinatione. Nyumba ya sukulu timaiyesa yathu, mpaka timadzalapo manachesi, koma tsiku lopereka makiyi limafika ndithu.

Ndiye maganizo anga ndi awa: mphunzitsi aliyense pa Mwanza pano agule puloti akadali pa ntchito, ngakhale kakang'ono, ayambe kumanga pang'onopang'ono. Tisadikire penshoni. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Amene ankasunga ndalama ya malata ku banki anadzuka ndalamayo isakukwananso. Amene anali atakhoma kale malatawo sanataye kanthu.

Nanga timange chiyani? Apa ndiye ambiri timaphonya. Tikaona mathiraki atandandalika pa msewu wa M6 kudikira kuolokera ku Zobue, aliyense amalota nyumba yogona alendo kapena shopu m'mbali mwa msewu. Koma ndalama ya pamalire ili ngati madzi a mtsinje wa mumchenga, lero adzaza, mawa aphwa. Mukukumbukira nthawi imene ankamanga njanji ya malasha yochokera ku Moatize kupita ku Nacala, yodutsa m'boma lathu lino? Alendo anali mbwee, koma ntchito itatha anapita. Mu 2020 mabasi a ku Joni anaima chifukwa cha Covid-19. Kumapeto kwa 2024 zipolowe za chisankho ku Mozambique zinasokoneza ulendo wa mathiraki. Nthawi ngati zimenezi zipinda zimagona zokha, koma ngongole siigona.

Pali anthu ena amene amakhalapo ndithu, malire ayende kapena asayende: anamwino a pachipatala cha boma, apolisi, a MRA, a zolowa ndi kutuluka, ndi aphunzitsi ongoyamba kumene. Wina akasamutsidwa, m'malo mwake mumabwera wina. Iwowa safuna zambiri: zipinda ziwiri zogona, madzi pafupi, magetsi, chimbudzi chabwino ndi chitseko cholimba. Lendi yake ndi yochepa koma imabwera mwezi ndi mwezi. Ndipo tsiku lopereka makiyi a sukulu likafika, mumangolowa m'nyumba yanu.

Tsopano za mapepala. Apa ndikulankhula ngati munthu amene anapsapo. Nditangoyamba ntchito ndinagula malo kwa mkulu wina. Umboni unali kugwirana chanza ndi kapepala kothothola m'kope. Ndinaumbitsa njerwa, ndinakumba maziko. Mkuluyo atamwalira, kunabwera ana a alongo ake. Anati malowo ndi a mbumba, amalume analibe mphamvu yogulitsa okha. Ku bwalo la a mfumu ndinalibe chonena, chifukwa kunena zoona anawo sankanama. Safunsa anadya phula. Ndinatola njerwa zanga, ndalama ija inapita.

Choncho musanapereke ndalama, khalani pansi ndi banja lonse, makamaka azimayi eni mbumba. A nyakwawa ndi a gulupu akhalepo, malire aloze pamaso pa oyandikana nawo, zonse zilembedwe ndipo aliyense asaine. Mukatero pitani ku ofesi ya za malo kwa bwanamkubwa. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yolembetsa malo otere, ndipo a ku ofesiko adzakuuzani zoyenera kuchita pa malo anuwo. Funsaninso ku khonsolo ngati malowo sanaikidwe kuti padzadutsa msewu kapena padzakhala msika. Pa msewu waukulu ngati M6, mamita 30 kuchokera pakati pa msewu ndi a msewu, mukamangamo mudzagumula nokha. Ndipo puloti kaioneni mu February mvula ili pakati, osati mu October. Kuno ndi kwa mapiri, madzi ali ndi njira zake.

Ndikudziwa chimene mukunena: "Aphunzitsi, malipiro ake ati? Fizi ya ana, feteleza, maliro." Ndi zoona, inenso ndimalandira zomwezo. Koma sindikunena puloti ya pafupi ndi geti ya malire. Pitani kutali pang'ono, komwe mitengo sinapenge. Chipereganyu cha m'sitafu chigule simenti, osati sofa. Ngongole ya ku SACCO ikhale ya denga. Katapila yekha mumuthawe. Chaka chino maziko, chaka chamawa khoma, kenako malata. Simenti muzigula nokha, ndipo tsiku lothira konkire mukhalepo.

Inu ana anga amene muli ku Joni ndi ku Cape Town, mukatumiza ndalama ya puloti, mapepala akhale m'dzina lanu, ndipo muwaone ndi maso.

Ine yanga yachiwiri yafika pa linta, mapepala ake ali m'sutikesi. Malata ndikugula awiriawiri mwezi ukatha. Nanga inu mwafika pati?