ZA KWATHU KU MIDZI: Mthuthuthu Sudya Msipu

Mlungu uno tiyambe taleka nkhani za thonje ndi za nkhokwe. Tikambe za chiweto chatsopano chimene chalowa m'makomo mwathu, chimene usiku chigona m'nyumba pamodzi ndi ana, ndicho njinga ya moto, imene makolo athu anaitcha mthuthuthu chifukwa cha kulira kwache.

Akulu a ku sikimu akumbukira zaka zija nchito ya chitukuko cha m'mbali mwa nyanja inayamba kuno ku Salima, m'chaka cha 1968, ndi thandizo la boma la Germany. Masiku amenewo mthuthuthu unali wa alangizi ndi wa ansembe, ndipo ukamveka ku mseu ana onse anali kuthamanga kukaona. Lero ziri zina. Munthu akagulitsa thonje lache bwino, maganizo ache oyamba ndi Lifo, kapena Sanlg, kapena Boxer. Palibe choipa pamenepo. Njinga zimenezi zifikitsa mai wodwala ku chipatala pakati pa usiku, zibweretsa nsomba za ku Senga Bay zisanaonongeke, ndipo anyamata ambiri a kabaza adyetsa nazo mabanja ao.

Koma walira mvula walira matope. Ng'ombe ya pa ngolo mukaimasula ipita yokha kukadya msipu. Mthuthuthu sudya msipu ai. Udya ndarama, ndipo mwini wache akapanda kuusamala udya nkhokwe yonse.

ZIMENE NDINAONA NDI MASO ANGA

Mnansi wanga wina anagulitsa thonje ndi mbuzi zache nagulira mwana wache wamwamuna njinga ya moto yatsopano, kuti adzichita kabaza ndi kuthandiza pa khomo. Mwezi woyamba mnyamatayo anapeza ndarama ndithu. Kodi anazigwiritsa nchito yanji? Anagula nyali zofiira ndi zobiriwira naziika m'mbali zonse. Anagula sipika ya nyimbo, ndi hutala yolira ngati ya lole. Anapita kwa wowotcherera zitsulo natalikitsa kaliyala. Potsiriza anachotsa za m'kati mwa ekizozi kuti anzache adzimumva ali kutali. Oilo sanasinthe ngakhale kamodzi.

Tsiku lina m'mwezi wa October, dzuwa liri pa liwombo, anali kuchokera ku Kamuzu Road ndi matumba atatu a fetereza. Ali pa njira injini inalira zachilendo ndipo inazima. Anaponda, anaponda, koma chopondera chinauma gwa ngati mtengo. Anaikankha mpaka kumudzi.

Madzulo ache pa khomopo panali mau ambiri. Ena anati, "Njinga yatsopano siingafe chomwechi, alipo wachita nsanje." Anayamba kutchula dzina la agogo ena okhala okha kumapeto kwa mudzi, chifukwa m'mawa mwa tsikulo anaima pa njira ndi kuyang'ana njingayo. Mwai wache, atsibweni a mnyamatayo anati, "Tiyeni tiyambe taitana makaniko, zinazo pambuyo." Makaniko atamasula pansi pa injini munatuluka oilo wosadzaza ndi kapu yomwe, wakuda ngati phula la pa mseu. Atatsegula bokosi la sefa ya mpweya anapeza mulibe kanthu. Mnyamata anaitaya kale, ati anzache anamuuza kuti njinga yopanda sefa ithamanga kwambiri. Pisitoni inali itakanirira m'malo mwache.

Taonani tsono: agogo osalakwa akadatukwanidwa, kapena kumenyedwa kumene, chifukwa cha oilo wa lita imodzi. Kumbukiraninso kuti kunenera munthu ufiti ndi mlandu pa lamulo la dziko lino, limene linaikidwa m'chaka cha 1911. Ndipo mbuzi zimene zinatsala m'khola zinapita kwa makaniko.

OILO NDIYE MWAZI WA INJINI

Njinga zambiri za kuno ziri ndi injini zazing'ono za 125 kapena 150, zimene zizizira ndi mphepo yokha, zopanda madzi monga galimoto. M'mimba mwa injini yotere mulowa oilo pafupifupi lita imodzi basi, ndipo oilo yemweyo afewetsa pisitoni, magiya ndi kilatchi, nachotsanso kutentha. Kuno ku nyanja kumene kutentha kwa October ndi November tonse tikudziwa, oilo atopa msanga.

M'mawa uli wonse musanalize njinga, iimikeni chiriri pa malo osalala, tulutsani kamtengo koyesera oilo, kapukuteni, kabwezereni ndi kuonanso. Oilo akhale pakati pa mizere iwiri. Njinga ikakhala yatsopano musaithamangitse, ndipo sinthani oilo woyamba ikayenda makilomita 500, pakuti zitsulo zatsopano zipalana ndi kutaya tizidutswa. Pambuyo pache, inu oyenda m'pfumbi ndi katundu tsiku ndi tsiku muchita bwino kusintha pa makilomita 1,000 ali onse. Gulani oilo wa njinga za moto, wa m'botolo lomata, monga wolembedwa 20W-50. Oilo woyezedwa m'kabotolo pa mseu simudziwa kumene wachokera. Wina ndi wotsalira m'magalimoto, wongosefedwa ndi nsalu.

PFUMBI NDI MCHENGA

Injini ipuma monga munthu. Mpweya wonse umene ilowetsa uyenera kupyola pa sefa. Sefa ikachotsedwa kapena kung'ambika, pfumbi lilowa ndi kupala m'kati monga mupalira mpini ndi galasi. Posachedwa muona utsi wotuwa wonunkha oilo ku ekizozi, ndiko kuti maring'i a pisitoni atha. Sefa ikatsekeka ndi dothi, utsi ukhala wakuda, njinga ifooka, nimwa petulo wambiri.

Ngati sefa yanu ndi ya siponji, itsukeni m'palafini, ifinyeni osaipotokola, iume, ndipo idonthezereni oilo pang'ono musanaibwezere. Ngati ndi ya pepala musaitsuke konse. Ikung'untheni, ndipo ikada kwambiri gulani ina. M'chirimwe chitani zimenezi mlungu uli wonse.

Pulagi nayo ikuuzani za umoyo wa injini. Imasuleni muone kunsonga kwache. Ikakhala yofiirira ngati tiyi wa mkaka, zonse ziri bwino. Ikakhala ndi mwaye wakuda, petulo achuluka kapena sefa yatsekeka. Ikayera mbuu, injini iri kutentha koposa muyeso, pitani kwa makaniko msanga.

PETULO WA M'ZIGUBU

Kuyambira m'chaka cha 2022 petulo wasowa kangapo m'dziko muno, ndipo ambiri mwa inu munazolowera kugula wa m'mabotolo. Dziwani kuti ena osaopa Mulungu asakaniza petulo ndi palafini. Palafini sapsa bwino m'injini ya petulo. Njinga ibvuta kuliza, igogoda pokwera mtunda, itentha, ndipo palafini wosapsayo atsikira m'oilo ndi kumsungunula.

Palinso china. Petulo wa kuno asakanizidwa ndi ethanol, wopangidwa ndi zotsalira za nzimbe. Nchito imeneyi inayamba ku Dwangwa m'chaka cha 1982. Ethanol akoka chinyezi, kotero petulo wokhalitsa m'chigubu chosatseka bwino apeza madzi. Njinga ikayamba kutsokomola ndi kudukiza mutangothira petulo, tsekani kampopi ka pansi pa thanki, masulani kasikuluu ka pansi pa kabuleta kuti madzi ndi zinyalala zituluke, ndipo mangani ndi kutsegulanso. Pothira, sefani ndi kansalu koyera. Ndipo chonde musasunge chigubu cha petulo m'nyumba yogona, pafupi ndi koloboyi kapena mbaula.

KATUNDU NDI TCHENI

Njinga zazing'onozi anazipanga kuti zinyamule anthu awiri, ndiwo makilogalamu ngati 150 onse pamodzi. Tsono werengani nokha. Thumba la chimanga kapena la fetereza ndi makilogalamu 50. Matumba atatu akwana kale 150, mwini wache asanakwere. Wowotcherera angathe kutalikitsa kaliyala, koma sangatalikitse mphamvu ya mabuleki, ya masipoko ndi ya matayala. Katundu akachuluka kumbuyo gudumu la kutsogolo lipepuka, ndipo pa mchenga njinga ikana kumvera. Maulendo awiri aposa ulendo umodzi wothera m'ngalande. Katundu wolemera ndithu msiyireni ngolo.

Tcheni ikhale yosewera pang'ono pakati pache, masentimita 2 kapena 3, ngati zala ziwiri. Yothina kwambiri iononga mabering'i, yolephuka ivuka ndipo ingathe kumanga gudumu muli pa liwiro. Itsukeni ndi palafini ndi kuithira oilo. Mano a sipuloketi akasongoka ngati minga, sinthani tcheni ndi masipuloketi onse awiri nthawi imodzi, pakuti tcheni yatsopano pa mano akutha siikhalitsa.

Pa mchenga chepetsani liwiro musanalowemo, ikani giya yaing'ono, yang'anani kutsogolo, ndipo musagwire buleki ya kutsogolo mwadzidzidzi. M'dzinja dothi la makande limamatira pakati pa gudumu ndi madigadi mpaka gudumu kuleka kuzungulira. Imani, tengani kamtengo, kokotani. Njinga ikazimira m'madzi pooloka mtsinje, musaiponde pomwepo. Ikankhireni ku mtunda, chotsani pulagi, pondani kuti madzi atuluke, ndipo sinthani oilo tsiku lomwelo. Mukaoloka, yesani mabuleki pang'ono pang'ono kufikira aume.

CHIKOMEKOME CHA MKUYU

Sindiri kudana ndi njinga yokongola ai. Mnyamata amene apukuta njinga yache ndi kuiyala kansalu pa mpando achita bwino. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Batire ya njinga ndi yaing'ono, ya mavoti 12, ndipo injini ibweza moto wokwanira nyali ndi hutala zimene inabwera nazo. Mukaonjeza masipika ndi nyali zambiri batire ikutha msanga, ndipo mawaya olumikiza ndi pepala la pulasitiki angathe kuyatsa moto pansi pa thanki. Ekizozi yoboola siionjeza mphamvu, ingoonjeza phokoso ndi kuopsa ng'ombe za anzanu pa mseu.

Ngati mufuna kuikometsa njinga yanu, yambani ndi izi: matayala a mapanga abwino, mabuleki atsopano, magalasi awiri oonera kumbuyo, ndi nyali ya kumbuyo yoyaka. Pa mseu wa M5 wopita ku Nkhotakota muyenda malole usiku, ndipo woyendetsa lole sangapewe chinthu chimene sachiona.

Kumbukiraninso kuti zipangizo zonsezi zichokera kunja. Pamene Kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zinthu zochokera kunja inakwera. Lita ya oilo ndi yotsika mtengo kutalitali poyerekeza ndi pisitoni, maring'i ndi malipiro a makaniko.

MUTU ULIBE SIPEYA

Lamulo la pa mseu lifuna kuti njinga ya moto ikhale yolembetsedwa ndi nambala yache, ikhale ndi inshulansi, woyendetsa akhale ndi laisensi, ndipo iye ndi wokwera wache abvale chipewa cholimba chija chotchedwa helemeti. Ndidziwa kuti ambiri munena kuti zimenezi zidula, ndi kuti ofesi za Road Traffic ziri kutali. Komatu njinga yopanda mapepala ikabedwa mudzailondola bwanji? Mukagunda mwana wa mnzanu, adzalipira ndani? Ndi munda wanu ndi mbuzi zanu.

Chipewa chokoloweka pa chigongono kapena pa handulo sichiteteza munthu. Chibvaleni ndi kumanga lamba pansi pa chibwano. Inu amai, musalole kukwezedwa atatu kapena anai pa njinga imodzi, khanda liri kumbuyo, ndipo kulungani bwino chitenje kuti chisalowe m'masipoko. Mukamva pfungo la kachasu kwa woyendetsa, tsikani, dikirani wina. Kuthamanga sikufika.

MAU KWA MAKOLO

Inu bambo ndi mai amene munatulutsa ndarama za thonje, njingayo ndi yanu ngakhale ayendetsa ndi mwana. Gulani kabuku ka sukulu. Madzulo ali onse mulembemo ndarama zimene zalowa, za petulo, ndi tsiku limene oilo anasinthidwa. Pa ndarama za tsiku liri lonse patulani gawo la njinga yokha, muike padera, musaligwire ngakhale pa khomo pasowe ndiwo. Ndilo msipu wache. Tsiku limene tayala lidzaphulika simudzafunika kutsegula nkhokwe.

Mnyamata uja tsopano ali pa mseu kachiwiri. Sipika anagulitsa. Agogo aja ndi amene awanyamula ulele popita ku chigayo, pakuti atsibweni ache anamlamula chomwecho.

Amene muli ndi mafunso pa za njinga zanu lemberani kwa Mkonzi, ndipo tidzayankha pa tsamba lomwe lino. Mlungu wa mawa tidzakamba za kusamala ngolo ndi magoli mvula isanagwe. Tsalani bwino nonse.

Ine wanu,
Mnzanu wa ku Nyanja