Spread, scatter ndi disperse si mawu amodzi



M'makope ambiri a Fomu 3 ndi Fomu 4 muli tsamba limene mwana anandandalika mawu a Chingerezi awa: spread, scatter, disperse, diffuse, radiate, disseminate. Pambali pake analemba tanthauzo limodzi lokha, kufalikira. Waloweza, ndipo akuona ngati wamaliza. Ine ndikuti tsamba limeneli likumudyera malikisi, ndipo mankhwala ake ali m'zinenero zomwe timamuletsa kuyankhula m'kalasi.

Mwana wa kuno ku Chintheche amadziwa kale kusiyanitsa zinthuzi. Amayi amayala usipa pathandala. Anapiye amabalalika kabawi akadutsa. Mphekesera imafala. Wina atanena kuti amayi abalalitsa usipa pathandala, anzake angamuseke mpaka kunyumba. Nanga bwanji akafika pa Chingerezi tikumuuza kuti zonsezi n'chimodzi?

Spread ndiye mawu otakata kwambiri. Amanena za chinthu chimene chikukuta malo ambiri koma osaduka: moto wa kutchire, ukonde woyanika pamchenga, matenda. Kolera imene inayambira ku Machinga mu Marichi 2022, n'kufika kuno ku Nkhata Bay chaka chomwecho, inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Polemba za mliriwu timati "cholera spread". Chimodzimodzinso chipembedzo chathu. Chisilamu chinakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840 ndi Jumbe Salim bin Abdallah, kenako chinafala. Wolemba kuti "Islam spread" wanena zoona. Wolemba kuti "Islam scattered" wanena kuti Asilamu anamwazikana ngati othawa nkhondo. Ndipo ana inu, mawuwa sasintha ngakhale mukukamba za dzulo. Spreaded kulibe.

Pa scatter ndi disperse m'pamene ambiri amagwa. Onse awiri akunena za gulu limene likugawikana, koma scatter ali ndi liwiro ndi chisokonezo mkati mwake, ngati ana othawa mvula pabwalo la mpira. Disperse alibe mantha. Lachisanu tikamaliza swala ya Jumuah, wina amalowera kumsika, wina kunyanja, wina kukakwera minibasi pa msewu wa M5, aliyense mwamtendere. Kumeneko ndiye disperse, ndipo omasulira Qur'an ambiri m'Chingerezi anasankha mawu amenewa pa ndime 10 ya Surah Al-Jumu'ah, imene ikukamba za kumwazikana swala ikatha. Mwana akalemba kuti anthu a mumzikiti "scattered", woyesa mayeso aganiza kuti mwalowa njoka.

Vutoli silithera pa phunziro la Chingerezi. Mu Biology, zipatso za mitengo ya labala ya ku Vizara zikauma zimaphulika n'kuponya njere kutali, ndipo dzina lake ndi seed dispersal. Fungo la nsomba yokazinga likamafika kumene kulibe nsomba, imeneyo ndi diffusion. Kutentha kochokera kudzuwa ndi radiation. Pamenepa mawu olakwika ndi yankho lolakwika, palibe kukambirana. Disseminate musavutike naye kwambiri, ndi wa m'maofesi, wonena za kufalitsa uthenga.

Ndikudziwa zimene ena anganene. Mayeso ambiri a MANEB amabwera m'Chingerezi, ndipo amene walephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza masamu bwanji. Choncho lamulo loti pasukulu tiziyankhula Chingerezi lili ndi chifukwa chake, ndipo sindikupempha kuti lichotsedwe. Koma kuloweza mndandanda wa mawu si kuyankhula Chingerezi. Mphunzitsi amene watenga mphindi zisanu kufunsa kuti "kodi apa pa Chichewa kapena pa Chitonga mungati chiyani, kuyala kapena kubalalika?" sanaphwanye lamulo, wangotsegula khomo. Ana athu ambiri amakula ndi Chitonga pakhomo, Chichewa pamsika ndi Chiarabu ku madrassa. Amenewo si ana oti angalephere kumva kusiyana kwa mawu.

Inu makolo, ngakhale amene simunapite patali ndi sukulu, mungathandize. Mwana akabwera ndi mawu atsopano, mufunseni kuti akuuzeni chinthu cha pakhomo panu chimene chimachita zimenezo. Akasowa chitsanzo, sanawamvetse.

Kwa a komiti, pempho langa ndi la madikishonale okhala ndi ziganizo za chitsanzo, monga Oxford Advanced Learner's Dictionary, osati timabuku tongondandalika mawu ofanana. Atapezeka awiri pa kalasi iliyonse ya Fomu 3 ndi Fomu 4 teremu ikubwerayi isanayambe, Insha Allah, ana angamawabwerekane nthawi ya prep.