Musanadine update, yambani mwasunga mafayilo

Kompyuta ikalemba kuti ikufuna update, ambirife timangodina n'kupita kokaphika tiyi. Komatu nthawi imeneyo m'pamene imakhala pangozi, chifukwa imakhala ikuchotsa mafayilo akale amene amaiyendetsa n'kuikapo atsopano. Zili ngati kufolera nyumba: udzu wakale mwasasula, watsopano sunakwere, mvula n'kutulukira.

Kuno kumudzi mvula yake ndi magetsi. Akathima ntchito ili pakati, kapena batire la sola likatha, kompyuta imatha kutsala ndi mafayilo ena atsopano, ena akale, ena oduka. Mawa lake imakana kuyaka, m'kati muli mayeso a Folomu 4 ndi malikisi a teremu yonse.

Ngozi ina timaiputa tokha. Update imafuna malo, ndiye munthu amalowa mu C: n'kuyamba kufufuta chilichonse chimene sakuchidziwa. Abale, foda ya System32 si zinyalala ayi, ndi mtima wa Windows. Ngakhale foda ya Windows.old musaithamangire. Imeneyo ndiyo imakuthandizani kubwerera ku Windows yakale zinthu zikavuta, ndipo imadzichotsa yokha pakatha masiku 10.

Wina anganene kuti munthu wosamala sizingamuchitikire. Zimachitika. Pa 2 Okutobala 2018, kampani ya Microsoft idatulutsa update ya Windows 10 yotchedwa 1809. Anthu ena atamaliza kuiika adapeza kuti mafayilo awo a mu Documents asowa. Patangopita masiku ochepa kampaniyo idaimitsa update imeneyo, ndipo idaitulutsanso pa 13 Novembala itakonza vutolo. Ngati eni ake pulogalamu amaphunthwa, nanga ife tidalire chiyani?

Sindikunena kuti tileke update. Imatseka mipata imene mavairasi amalowera, ndipo kompyuta za m'sukulu zathu, momwe fulashi imodzi imayenda mwa aphunzitsi khumi, zimaifuna kwambiri. Chofunika n'kukonzekera.

Poyamba koperani mafayilo anu pa fulashi, kenaka muizule. Mafayilo amene mwangowasamutsira mu foda ina pa kompyuta yomweyo simunawasunge, chifukwa nkhokwe ikapsa, chimanga cha pansi ndi cha pamwamba chimapsera limodzi. Batire likhale lodzaza, ndipo musathimitse kompyuta chifukwa choti yachedwa. Update muziitenga mu Settings, osati pa uthenga wongotulukira pa intaneti wokuopsezani kuti dinani msanga.

Zikavuta, dekhani. Ngati mafayilo asowa, siyani kugwiritsa ntchito kompyutayo, popeza chilichonse chatsopano chimene mwasunga chimatha kukhala pamalo pa zofufutikazo, n'kuzikwirira mpaka kalekale. Ngati ikuyaka koma ikuchita zachilendo, wodziwa akhoza kulemba sfc /scannow mu Command Prompt, ndipo Windows imafufuza n'kukonza mafayilo ake owonongeka. Mukapita nayo kwa okonza pa tauni, musavomere msanga mawu oti "tingoifomata". Nthawi zambiri kompyuta yokana kuyaka imakhala idakali ndi mafayilo anu onse. Auzeni ayambe awatulutsa, inu mukuona.

Fulashi mtengo wake sufika pa mtengo wa kulembanso ntchito ya chaka chonse. Aphunzitsi anzanga, koperani lero lomwe. Paja pakadafunda padajiwitsa galu.